Madhubala

Madhubala (14 Febuluwale 1933 – 23 Febuluwale 1969), yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Mumtaz Jehan Begum Dehlavi, anali wosewera m'mafilimu a Chihindi wa ku India. Anayamba ntchitoyi ali mwana wa zaka zosakwana khumi pofuna kuthandiza banja lake, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1950 anali mmodzi mwa akazi otchuka komanso olipidwa ndalama zambiri pa ntchito ya mafilimu mumzinda wa Bombay, umene masiku ano umatchedwa Mumbai. Anasewera m'mafilimu oposa 60. Odziwika kwambiri ndi Mahal (1949), Mr. & Mrs. '55 (1955), Chalti Ka Naam Gaadi (1958) ndi Mughal-e-Azam (1960). Anabadwa ndi matenda a mtima amene anadziwika iye atakula kale, ndipo matendawo ndi amene anamupha ali ndi zaka 36.

Kubadwa ndi banja

Mumtaz anabadwira mumzinda wa Delhi pa nthawi imene dziko la India linkalamulidwa ndi Britain. Bambo ake, a Ataullah Khan, anali a mtundu wa Pashtun, a fuko la Yusufzai, ochokera kudera la Peshawar lomwe pano lili m'dziko la Pakistan. Mayi ake anali a Aayesha Begum. Banjali linali lachisilamu ndipo linali ndi ana 11, Mumtaz ali wachisanu kubadwa. Ana angapo anamwalira ali aang'ono. Mmodzi mwa ang'ono ake, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Chanchal, anadzakhalanso wosewera m'mafilimu.

A Khan ankagwira ntchito kukampani ya fodya ya Imperial Tobacco Company, ndipo poyamba banjali silinkasowa chakudya. Mumtaz sanapite kusukulu. Anaphunzira kunyumba zinenero za Urdu, Chihindi ndi Pashto, pomwe Chingelezi anachiphunzira atatchuka kale, mothandizidwa ndi mphunzitsi wapadera. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda kuvina ndi kutsanzira anthu amene ankawaona m'mafilimu.

Zinthu zinasintha cha m'ma 1940 pamene bambo ake anachotsedwa ntchito. Banja lalikulu chonchi linasowa pogwira. Mumtaz, ali ndi zaka pafupifupi 7, anayamba kuimba pa wailesi ya All India Radio ku Delhi nyimbo zimene ankapeka Khurshid Anwar. Kuwailesiko n'kumene anakumana ndi Rai Bahadur Chunnilal, mkulu woyendetsa ntchito za kampani yopanga mafilimu ya Bombay Talkies, yemwe analangiza a Khan kuti apite ndi mwanayo ku Bombay.

Kusewera ali mwana

Bombay Talkies inali imodzi mwa makampani olemekezeka kwambiri a mafilimu ku India. Inakhazikitsidwa mu 1934 ndi Himanshu Rai ndi mkazi wake Devika Rani kudera la Malad, kumpoto kwa mzindawo. Rai atamwalira mu 1940, Devika Rani ndiye anatsala akutsogolera kampaniyo. Banja la a Khan linafika ku Bombay mu 1941, ndipo Mumtaz anapatsidwa gawo mufilimu ya Basant, imene inatuluka mu 1942 motsogozedwa ndi Amiya Chakrabarty. Iye anasewera ngati Manju, mwana wa mayi wa m'nkhaniyo, gawo limene linaseweredwa ndi Mumtaz Shanti. Filimuyo inayenda malonda kwambiri chaka chimenecho, koma panalibe ntchito ina ya mwana yomwe ikanamutsatira, choncho banjalo linabwerera ku Delhi.

Mu 1944 Devika Rani anawaitananso pamene ankakonza filimu ya Jwar Bhata, yomwe inali yoyamba ya Dilip Kumar. Mumtaz sanapatsidwe gawo mufilimuyo, koma bambo ake anaganiza zokhazikika ku Bombay. Olemba mbiri yake amanena kuti poyamba banjali linkagona m'khola la ng'ombe ku Malad, ndipo tsiku lililonse bambo ndi mwana ankayenda m'masitudiyo kufunsa ntchito. Kenako Chandulal Shah, mwini situdiyo ya Ranjit, anamulemba ntchito pa mgwirizano wa zaka zitatu, pa malipiro a ma rupee 300 pamwezi.

Pa 14 Epulo 1944, sitima yapamadzi ya Fort Stikine, yomwe inanyamula thonje ndi zida zophulika za nkhondo, inapsa n'kuphulika padoko la Bombay. Anthu mazanamazana anafa ndipo nyumba zambiri zinawonongeka. Malinga ndi olemba mbiri yake, nyumba imene banja la a Khan linkachita lendi inawonongekanso, koma iwo anapulumuka chifukwa anali atapita kokaonera filimu.

Ku Ranjit, Mumtaz ankalembedwa pa mafilimu ndi dzina loti Baby Mumtaz. Anaoneka mu Mumtaz Mahal (1944), Dhanna Bhagat (1945), Pujari (1946), Phoolwari (1946) ndi Rajputani (1946). Magawo ake anali aang'ono, koma ndalama zimene ankalandira ndizo zinkadyetsa makolo ndi abale ake. Kuyambira nthawi imeneyo mpaka imfa yake, iye ndiye anali mzati wa banjalo, pomwe bambo ake ndiwo ankamuyendetsera ntchito: kukambirana malipiro, kusankha mafilimu ndiponso kulamula nthawi yopita ndi yobwerera kusitudiyo.

Magawo aakulu oyamba ndi dzina latsopano

Mwayi wake woyamba wosewera ngati mkazi wamkulu wa m'nkhani unabwera ndi filimu ya Neel Kamal (1947). Wotsogolera filimuyo, Kidar Sharma, ankafuna kuti gawolo likhale la mkazi wake Kamla Chatterjee, koma iye anamwalira ntchito isanapite patali. Sharma anasankha Mumtaz, yemwe anali ndi zaka 13 kapena 14 zokha pa nthawi yojambula, kuti asewere pamodzi ndi Raj Kapoor, amenenso kanali koyamba kupatsidwa gawo lalikulu. Begum Para analinso mufilimuyo. Neel Kamal sinapange ndalama zambiri, koma inachititsa kuti opanga mafilimu ayambe kumuona Mumtaz ngati munthu woti angasenze nkhani yonse.

M'nyengo yomweyo anayamba kugwiritsa ntchito dzina loti Madhubala. Dzinali limapangidwa ndi mawu awiri: madhu, kutanthauza uchi, ndi bala, kutanthauza mtsikana. Mabuku ambiri amati Devika Rani ndiye analisankha. Kusintha dzina kunali kofala pakati pa osewera achisilamu a nthawiyo. Dilip Kumar anabadwa ali Yusuf Khan, ndipo Meena Kumari, yemwe anabadwa chaka chimodzi ndi Madhubala n'kuyambanso kusewera ali mwana, anali Mahjabeen Bano.

Chaka cha 1947 chinasintha zambiri pa ntchito ya mafilimu. India analandira ufulu wodzilamulira mu Ogasiti, dzikolo linagawidwa pawiri, ndipo akatswiri ena, monga woimba komanso wosewera Noor Jehan, anasamukira ku Pakistan. Banja la a Khan linatsala ku Bombay. Pa nthawi yomweyo dongosolo lakale lolemba osewera ntchito yolipidwa pamwezi linali kutha, ndipo osewera anayamba kulipidwa pa filimu iliyonse payokha. Izi zinapangitsa kuti munthu wofunidwa ndi ambiri azitha kujambula mafilimu angapo nthawi imodzi. Madhubala anavomera ntchito zambiri chifukwa banja linkafuna ndalama. Anasewera ndi Raj Kapoor mu Chittor Vijay (1947), Dil Ki Rani (1947) ndi Amar Prem (1948), ndipo Lal Dupatta (1948) inachititsa kuti olemba nyuzipepala ayambe kuyamikira luso lake.

Mahal ndi kutchuka

Mu 1949 mokha munatuluka mafilimu ake oposa asanu, kuphatikizapo Dulari, Singaar ndi Paras, koma imene inasintha moyo wake inali Mahal, yopangidwa ndi Bombay Talkies. Inali filimu yoyamba kutsogoleredwa ndi Kamal Amrohi, yemwe kale ankalemba nkhani za mafilimu. Mwamuna wamkulu wa m'nkhaniyo anali Ashok Kumar, katswiri wodziwika kale amene ankamuposa Madhubala ndi zaka zoposa 20. Wojambula anali Josef Wirsching wa ku Germany, yemwe anagwiritsa ntchito mdima, mithunzi ndi kuwala kwa makandulo kuti nyumba ya m'nkhaniyo izioneka yoopsa.

Nkhani yake ndi ya mwamuna wotchedwa Hari Shankar amene asamukira m'chinyumba chakale n'kupezamo chithunzi cha munthu wofanana naye ndendende. Usiku amaona mkazi wodabwitsa, Kamini, amene amamuchititsa kukhulupirira kuti anali okondana m'moyo wina wakale. Kumapeto zimadziwika kuti mkaziyo si mzukwa ayi, koma Asha, mwana wa wosamalira maluwa panyumbapo, yemwe anapeka zonsezi pofuna kukondedwa ndi munthu wolemera amene sakanamuyang'ana n'komwe. Madhubala anasewera gawoli ali ndi zaka 16.

Nyimbo za mufilimuyi anapeka ndi Khemchand Prakash. M'mafilimu a Chihindi osewera ambiri saimba okha. Woimba wina amajambulitsa nyimbo kusitudiyo, ndipo wosewera amangoyendetsa milomo motsatira mawuwo. Nyimbo yaikulu ya mu Mahal anaimba ndi Lata Mangeshkar, yemwe anali asanatchuke kwenikweni, ndipo pa chimbale panalembedwa dzina la Kamini m'malo mwa lake. Nyimboyo itamveka pa wailesi, anthu ambiri anafuna kudziwa woimba wake. Motero filimu imodzi inakweza akazi awiri: Lata Mangeshkar pa kuimba ndi Madhubala pa kusewera. Mahal inakhala imodzi mwa mafilimu amene anapanga ndalama zambiri m'nyengoyo, ndipo imaonedwa ngati chiyambi cha mafilimu a Chihindi onena za mizukwa ndi kubadwanso.

Zaka zoyambirira za m'ma 1950

Pambuyo pa Mahal, Madhubala anasewera ndi pafupifupi amuna onse otchuka a nthawiyo. Mu 1950 anaoneka mu Beqasoor pamodzi ndi Ajit, mu Nirala pamodzi ndi Dev Anand, komanso mu Hanste Aansoo pamodzi ndi Motilal. Hanste Aansoo imadziwika ngati filimu yoyamba ya Chihindi imene bungwe loona za mafilimu linalamula kuti ionedwe ndi akuluakulu okha. Chaka chomwecho anapereka ma rupee 50,000 kuti athandize anthu othawa kwawo ochokera ku East Bengal, nkhani imene inalembedwa kwambiri m'nyuzipepala.

Mu 1951 anasewera ndi Prem Nath mu Badal, ndiponso ndi Dilip Kumar kwa nthawi yoyamba mu Tarana. Awiriwa anayamba chibwenzi chomwe chinatenga zaka zingapo, ndipo anaseweranso limodzi mu Sangdil (1952), yochokera pa buku la Jane Eyre la Charlotte Brontë, ndi mu Amar (1954) ya Mehboob Khan. Mbiri yake inafika ndi kunja komwe. James Burke, wojambula zithunzi wa magazini ya Life ya ku America, anamujambula mu 1951, ndipo magazini ya Theatre Arts inalemba nkhani yaitali yonena za iye mu Ogasiti 1952.

Ngakhale anali wotchuka chonchi, sankaoneka kawirikawiri pagulu. Bambo ake sankalola atolankhani kufika pamalo ojambulira, ndipo iye sankapita kumaphwando kapena kumiyambo yotsegulira mafilimu. Zimenezi zinachititsa kuti kwa nthawi ndithu asamamvane ndi olemba nkhani za mafilimu. Ankadziwika ndi kusunga nthawi: ankafika kusitudiyo m'mawa ndipo ankaweruka madzulo kusanade. Pakati pa 1952 ndi 1954 mafilimu ake angapo sanayende malonda, ndipo ena anayamba kunena kuti anthu amangotengeka ndi nkhope yake. Maganizo amenewa anamutsatira kwa zaka zambiri, moti luso lake lenileni linkabisika kuseri kwa nkhani za kukongola kwake.

Kudziwika kwa matenda

Mu 1954, akujambula filimu ya Bahut Din Huwe ya S. S. Vasan mumzinda wa Madras, womwe pano ndi Chennai, Madhubala anadwala mpaka kusanza magazi. Madokotala anapeza kuti anali ndi vuto limene amalitcha ventricular septal defect. Limeneli ndi bowo pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri za m'munsi za mtima. Bowolo likakhala lalikulu, magazi ochuluka amakankhidwira kumapapo, ndipo pakapita zaka mitsempha ya m'mapapo imawonongeka. Wodwala amabanika, amatopa msanga ndipo nthawi zina amatsokomola magazi. Masiku ano vutoli limakonzedwa ndi opaleshoni mwana akadali wamng'ono, koma m'zaka za m'ma 1950 opaleshoni yotereyi inali itangoyamba kumene kuyesedwa ku America.

Banja lake silinafune kuti nkhaniyi ifalikire, popeza opanga mafilimu akanaopa kumulemba ntchito. Atapuma pang'ono anabwerera kusitudiyo. Mu 1955 anasewera mu Mr. & Mrs. '55 ya Guru Dutt ngati Anita, mtsikana wolemera amene akwatiwa mwachiphamaso kuti alandire chuma cha bambo ake. Filimuyi inayenda bwino ndipo inasonyeza kuti anali ndi luso loseketsa anthu. Chaka chomwecho kampani yake inatulutsa filimu ya Naata, koma inalowetsa pansi ndalama zambiri.

Mlandu wa Naya Daur

Mu 1956 B. R. Chopra anamulemba kuti asewere ndi Dilip Kumar mu Naya Daur. Ntchito itayamba, Chopra anafuna kuti gulu lonse likajambule kwa milungu ingapo kudera la Bhopal, kutali ndi Bombay. A Khan anakana kuti mwana wawo apite. Chopra anamuchotsa n'kuikapo Vyjayanthimala, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti chifukwa cha ndalama zimene anali atalipira kale. Dilip Kumar anaperekera umboni mbali ya Chopra. Chibwenzi cha awiriwa, chomwe chinali kale pamavuto chifukwa cha kusamvana kwa Dilip Kumar ndi bambo a Madhubala, chinathera pomwepo. Naya Daur itatuluka mu 1957 n'kuyenda malonda, Chopra anauthetsa mlanduwo.

Mlanduwu sunamugwetse. Chaka cha 1958 chinali chimodzi mwa zaka zake zabwino kwambiri, ndi mafilimu monga Kala Pani pamodzi ndi Dev Anand, Howrah Bridge ya Shakti Samanta, Phagun, ndi Chalti Ka Naam Gaadi, filimu yoseketsa imene anasewera ndi abale atatu: Ashok Kumar, Anoop Kumar ndi Kishore Kumar.

Mughal-e-Azam

Ntchito yaikulu koposa ya moyo wake inali Mughal-e-Azam ya K. Asif. Filimuyi inayamba kukonzedwa m'zaka za m'ma 1940 ndi osewera ena, koma inaima dziko litagawidwa. Itayambiranso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi ndalama za Shapoorji Pallonji, Madhubala anapatsidwa gawo la Anarkali, wovina wa kunyumba yachifumu amene akondana ndi Salim, mwana wa mfumu Akbar. Dilip Kumar anali Salim, Prithviraj Kapoor anali Akbar, Durga Khote anali mayi a Salim, ndipo nyimbo anapeka ndi Naushad.

Kujambula kunatenga zaka zambiri. Mbali zina za chikondi zinajambulidwa iye ndi Dilip Kumar atasiya kale kulankhulana. Pa zochitika za m'ndende anavala maunyolo enieni achitsulo olemera, zomwe zinkamupweteka munthu wodwala mtima ngati iye. Filimuyo inatuluka pa 5 Ogasiti 1960 ndipo inapanga ndalama zambiri kuposa filimu ina iliyonse ya Chihindi imene inatuluka kale. Mbiri imeneyi inakhalapo kwa zaka pafupifupi 15. Madhubala anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Filmfare ya mkazi wosewera bwino koposa, koma mphothoyo inapita kwa Bina Rai. Barsaat Ki Raat, yomwe inatuluka chaka chomwecho, inayendanso malonda kwambiri.

Ukwati, kudwala ndi imfa

Mu 1960 Madhubala anakwatiwa ndi Kishore Kumar, woimba komanso wosewera. Awiriwa anapita ku London kukaonana ndi madokotala a mtima, omwe anaona kuti opaleshoni sikanathekanso ndipo anamuuza kuti wangotsala ndi zaka zochepa. Atabwerera ku Bombay anakhala nthawi yambiri kunyumba ya makolo ake ku Bandra. Sanabereke mwana. Mafilimu amene anali atajambula kale anapitiriza kutuluka, monga Jhumroo (1961), Half Ticket (1962) ndi Sharabi (1964). Anayesa kubwerera kuntchito mufilimu ya Chalak pamodzi ndi Raj Kapoor, koma thupi linakana ndipo filimuyo sinamalizidwe.

Zaka zake zomaliza anazithera pabedi, akuonana ndi anthu ochepa okha. Anamwalira pa 23 Febuluwale 1969, patangopita masiku 9 chikwanitsireni zaka 36, ndipo anaikidwa m'manda achisilamu a ku Juhu mumzinda wa Bombay. Filimu yake yomaliza, Jwala, inatuluka mu 1971.

Kukumbukiridwa

Ali moyo, Madhubala sanalandire mphoto yaikulu ya mafilimu, koma akatswiri a m'mbuyo muno amamuika pagulu limodzi ndi Nargis ndi Meena Kumari monga akazi amene anakweza mafilimu a Chihindi a m'zaka za m'ma 1950. Amayamikiridwa chifukwa chotha kusewera magawo osiyana kwambiri, kuyambira mkazi wodabwitsa wa mu Mahal, mtsikana woseketsa wa mu Chalti Ka Naam Gaadi, mpaka Anarkali wovutika chifukwa cha chikondi. Mughal-e-Azam, yomwe mbali yake yaikulu inajambulidwa yopanda mitundu, inakonzedwanso ndi makompyuta n'kuonetsedwa ya mitundu mu 2004. Mu 2008 bungwe la positi la India linatulutsa sitampu yokhala ndi chithunzi chake, ndipo pa 14 Febuluwale 2019 Google inamukumbukira pa tsamba lake loyamba, pa tsiku limene akanakwanitsa zaka 86.